Kalata yochokera ku Cape Town

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse kumudziko. Ine kuno ndili bwino, ntchito yosamalira maluwa ikuyenda. Ndalama ya feteleza ndatumiza dzana pafoni ya mlongo wanga.

Ndatha zaka zitatu mumzinda uno, koma ndimangouonera pawindo la basi, m'mawa popita ndi madzulo pobwerera nditatopa. Tsiku lija munandifunsa kuti nyanja ya kuno ndi yotani, ndinasowa chokuyankhani, ndipo zinandikhudza. Ndiye Loweruka likubwerali, ine ndi anzanga awiri a kwathu ku Dedza konko tapangana zouzungulira pa njinga.

Njinga ndagula yogwirapo kale ntchito. Sabata yonseyi ndikaweruka ndimakhala nayo pakhomo. Tcheni linali ndi dzimbiri, ndinaliviika m'palafini n'kulitsuka ndi mswachi wakale, monga ankachitira malemu bambo. Masipoko awiri akumbuyo anali okhwepa. Ndimamanga pang'ono, n'kuzunguza tayala, n'kumvetsera ngati likukhula mabuleki. Nditamaliza, manja anga amanunkha ngati a bambo akamakonzekera ulendo wokagulitsa mbatata kumsika, ndipo ndinakhala chete nthawi yaitali.

Kuno lamulo silola kupalasa wopanda chipewa choteteza mutu, ndiye ndagula. M'chikwama muli pampu, chubu chapadera, zomatira, loko, madzi ndi buledi. Musade nkhawa ndi magalimoto: kuchokera chakuno ku Dunoon, tikafika ku Table View pali kanjira ka njinga kotsata msewu wa mabasi a MyCiTi mpaka m'tauni. Chimene tikuopa ndi mphepo ya kummwera chakummawa imene amaitcha Cape Doctor. Mu 2017 inaletsetsa mpikisano waukulu wa njinga wa makilomita 109 umene umachitika mwezi wa Malichi, anthu akulephera ngakhale kuima ndi njinga zawo. Imakonda kukula masana, choncho tinyamuka mbandakucha.

Tikadutsa padoko, tidzaima pa nsanja younikira zombo ya ku Green Point, ya mizere yofiira ndi yoyera, imene inayamba kuwala mu 1824. Kuchokera m'mbali mwa nyanja mmenemo chimaoneka chilumba cha Robben Island, kumene Nelson Mandela anakhala m'ndende zaka 18. Ndikufuna ndikachiyang'ane nditaima ndi miyendo yanga, wopanda wondifulumizitsa. Ku Sea Point ndikavula nsapato ndi kuviika mapazi m'madzi. Akuti ndi ozizira kwambiri ngakhale dzuwa liswe mtengo, osati ofunda ngati a ku Salima. Ndidzakuuzani zoona zake.

Pobwerera tikwera ku Bo-Kaap, kumene nyumba iliyonse ili ndi penti wakewake, ina yobiriwira, ina yachikasu. Tasankha Loweruka dala, chifukwa paphiri la Signal Hill amawomba mzinga 12 koloko masana, koma Lamulungu sawomba. Zithunzi ndidzatumiza pa WhatsApp, mlongo wanga akuonetseni.

Pempho langa ndi limodzi. Njinga ya bambo imene ili kuseri kwa nkhokwe musaigulitse, ngakhale wina atchule mtengo wabwino. Uzani amalume aione chimene chikusoweka, ndidzatumiza ya matayala mwezi ukatha, kuti mng'ono wanga azipitira kusukulu.

Moni kwa agogo ndi onse.

Ndine mwana wanu.