Atsikana athu aphunzitsidwe kulemba mapulopozo

Akonzi,

Ndine mmodzi mwa a Malawi obadwira kuno ku Harare, makolo athu anabwera kudzagwira ntchito nthawi ya Federation, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mwana wa achemwali anga akupanga Masters ya social work, ndiye sabata yatha anabwera kwathu ku Mbare ndi laputopu maso ali psuu, akuti pulopozo yake yopempha ndalama zothandizira agogo olera ana amasiye ku Epworth, dera la pafupi ndi Harare, aikana kachiwiri.

Nditaiwerenga vuto ndinaliona pompo. Masamba atatu onse akungodandaula za umphawi, osanena kuti agogowo ndi angati, ndalamazo zigula chani, nanga pakatha miyezi 12 tidzadziwa bwanji kuti chasintha ndi chani. Bajeti anangoiponya kumapeto, ndalama ya kombi (minibasi) sanawerengere, ya airtime naye ayi. Ine ndinagwirako ntchito kubungwe lina zaka zingapo, madona opereka ndalamawo amathamangira kaye bajeti ndi logframe (tebulo losonyeza zolinga, zochita ndi momwe zotsatira zidzayezedwere), nkhani yokomayo amawerenga pambuyo, komanso amafuna uone zomwe iwowo akuthandiza chaka chimenecho osati pepala limodzi kumangotumiza kwa aliyense ngati khadi la ukwati.

Pempho langa ndi loti masukulu aukachenjede, kuno ndi kumudzi komwe, aziphunzitsa zimenezi ngati kosi yeniyeni, alembe pulopozo ina ikanidwe m'kalasi momwemo. M'kalasi mwa mwana wa achemwali angayu akuti ambiri ndi azimayi, madera amawadziwa bwino koma ndalama zikumapita kwa odziwa kulemba. Bajeti ija tinaikonza mpaka 11 koloko usiku, magetsi atathima tinapitiriza ndi tochi ya foni.

Mayi wokhudzidwa,
Mbare, Harare