Mwana wanga wapeza sukulu ku England chifukwa cha mpira, koma mtima wanga ukukana

Azakhali,

Ndikulemba usiku anthu onse atagona, chifukwa masana mutu sukugwira. Ndine mayi wa ana atatu, ndimagulitsa kaunjika muno mu Blantyre. Dzina langa musalilembe chonde.

Mwana wanga wachisamba ndi wamkazi, ali ndi zaka 15, ali Fomu 3. Amasewera mpira wamiyendo, kutsogolo, ndipo aliyense amene anamuonapo amati mwanayu ali ndi mwendo. Sukulu ina yogonera komweko ku England yamupatsa malo kuti akayambe mu Seputembala. Fizi, chakudya ndi pogona n'zaulere. Aphunzitsi ake a mpira anandifotokozera kuti malamulo a FIFA salola timu yakunja kutenga mwana wosakwana zaka 18, ndiye ana ngati iyeyu khomo lawo ndi sukulu. Anthu akundiuza kuti ndi madalitso. Ine chakudya sichikulowa.

Zaulerezo si zonse. Tiketi ya ndege, viza, kuyezetsa TB, ndalama ya chipatala cha kumeneko yomwe amati ulipiriretu, zovala za chisanu, zonsezo n'zanga, ndipo zambiri n'za mapaundi. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bele limodzi likudya mpamba wonse. Ya pasipoti yokha ndinakatenga kwina kwake kumene sindingatchule pano, ndipo eni ake ayamba kale kundiimbira.

Bambo ake ali ku Joni. Za mmene anachokera pakhomo pano sindinena. Koma viza ya mwana imafuna kalata yoti makolo onse awiri avomereza, ndiye ndinachita kuwafunafuna ine, munthu amene anandichititsa manyazi. Anayankha kuti asaina, kenako tsiku lomwelo analemba pa Facebook kuti mwana wawo anatengera iwo mpira. Anatengera iwo! Nsapato zake zoyamba zampira ndinazipeza ine pansi pa bele, zinali zazikulu, tinkaika nyuzi kuzala kuti zisavuke pothamanga. Atabinya mwendo ndinkamuthowa ndine ndi madzi otentha pakati pa usiku. Lero akumulankhula pa foni tsiku ndi tsiku kuti "pita mwana wanga", ndipo iwo ndiye asanduka abwino, ine mfiti.

Achimwene anga, eni mbumba, akukanitsitsa. Akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwana alembe kaye MSCE chaka cha mawa. Pamenepo sindingawatsutse. Kumeneko amalemba mayeso ena, a GCSE, ndipo kalata ya sukuluyo ikunena kuti thandizoli aziliunikanso chaka chilichonse. Nanga akavulala bondo? Abwerera kuno wopanda pepala la kumeneko, wopandanso la kuno, anzake atapita kale. Ndinafunsa zimenezi aphunzitsi a mpira aja, anangoti tisaganize zoipa.

Palinso izi. Pakati pa teremu sukulu za kumeneko zimapumula sabata yathunthu, ana amachoka kogona kuja, ndiye pakufunika munthu womulandira. Wachibale yekhayo ndi mlamu wanga, mlongo wa bambo akewo, amene ali ku Leicester. Mayi ameneyo anatumizira mwanayu foni yosweka galasi, n'kulengeza pa gulu la WhatsApp la banja ngati wagula galimoto. Nditachedwa kuthokoza, chifukwa ndinali pa maliro a mayi anga aang'ono kumudzi kopanda netiweki, anauza anthu kuti ndine wonyada. Sanandifunse n'komwe kuti ndinali kuti, pepani wa maliro mpaka lero sanapereke. Ndimupatse munthu ameneyo mwana wanga wamkazi, woti wangotha kumene msinkhu? Azikamuuza chiyani za ine?

Koma chimene chandilembetsa kalatayi si ndalama ayi. Lamlungu nditamuuza kuti tidikire amalize Fomu 4, anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Amayi, mukufuna ndidzakhale pa benchi ya kaunjika ngati inuyo." Mwana amene sanandiyankhepo mwano chibadwire. Benchi imeneyo ndi imene yamulera. Kuyambira tsikulo amangoti "mwadzuka bwanji", basi, nsima amakadyera kuchipinda.

Pakhoma pa bedi lake anamata chithunzi cha Temwa Chawinga, ndipo tsiku limene ma Scorchers, timu ya dziko lino ya mpira wa amayi, anagonjetsa Zambia n'kutenga chikho cha COSAFA mu 2023 analira ndi chimwemwe. Amandiuza kuti Tabitha, mkulu wake wa Temwa, anapita ku Sweden mu 2014, lero dziko lonse likumudziwa. Ndimamuyankha kuti Tabitha anapita ali wamkulupo kuposa iweyo, ndipo amene anapita n'kubwerera chimanjamanja sawaonetsa pa TV. Sindimuchitira nsanje mwana wanga, Mulungu akudziwa. N'zoona kuti ndi iye amene amaphikira azing'ono ake ndikapita kokaoda katundu ku Limbe m'bandakucha, ndipo achimwene anandifunsa ngati si chimenecho chikundigwira. Si chimenecho. Mwina pang'ono, koma si chimenecho. Ndikuopa kuti akadwala usiku kumeneko palibe amene adzamugwire pamphumi, ndipo ine ndalama yoti ndikwere ndege kukamuona sindidzaipeza.

Sukuluyo ikufuna yankho mwezi uno usanathe. Ndisaine, achimwene akwiye? Ndikakana, mwayi wotere umabweranso kwa mwana wa munthu ngati ine? Kodi ndili ndi ufulu wouza a sukuluyo kuti alembe papepala zoti akavulala sadzamuchotsa, kapena akaona ngati ndine wosayamika n'kupatsa wina malowo? Mlamu uja ndimupepese pa mlandu umene sindinapalamule? Ndipo mwanayu ndimuyambe bwanji kuti tilankhulane, poti mawu aja akundiwawabe?

Mayi wothedwa nzeru,
Blantyre