Musatukwane Pujols, funsani amene anasaina cheke

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa mkangano umene sutha pakati pa ife otsatira baseball ya ku America, makamaka sizoni ikatha, matimu ali kalikiliki kusainitsa ndi kusinthana osewera. Mkanganowu ndi wa akatswiri omenya mpira amene amapatsidwa kontirakiti ya zaka 10 atadutsa kale zaka 30 zakubadwa, kenako mphamvu n'kuyamba kuthawa koma malipiro akukwererabe. Masapota amawatcha adyera, ena mpaka amati ndi mbava zovala yunifomu. Dzina limene limatuluka msanga pakamwa ndi la Albert Pujols. Ine ndikuti mlanduwu tikusenzetsa munthu wosalakwa.

Kwa amene sanamuone ali pachimake: Pujols anabadwira ku Santo Domingo, m'dziko la Dominican Republic, mu 1980, ndipo anayamba kusewerera St. Louis Cardinals mu 2001. Pa zaka 11 zimene anakhala kumeneko anamenya ma home run (kumenya mpira mpaka kutuluka m'bwalo losewerera) 445, ndipo avareji yake, kutanthauza gawo la maulendo amene anamenya bwino mwa maulendo ake onse, inali .328. Mu baseball, womenya amene wafika .300 ndi katswiri kale, chifukwa ngakhale wodziwa kwambiri amalephera ka 7 pa maulendo 10 alionse. Anasankhidwa kukhala MVP (wosewera wopambana onse pa chaka) wa National League, chimodzi mwa zigawo ziwiri za ligi yaikulu, mu 2005, 2008 ndi 2009, ndipo anatenga chikho cha World Series, ndime yomaliza ya sizoni, mu 2006 ndi 2011. Pa gemu yachitatu ya World Series ya 2011 anatulutsa mipira itatu kunja kwa bwalo usiku umodzi, osewera a Texas Rangers akungoiperekeza ndi maso.

Mu December chaka chomwecho Los Angeles Angels inamupatsa madola 240 miliyoni pa zaka 10. Anali atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 32. Zimene zinatsatira sindikuzikana. Ku Angels avareji yake inatsikira pa .256, ma home run anali 222, ndipo timuyo inalowa m'masewero a chipulula kamodzi kokha, mu 2014, n'kutulutsidwa ndi Kansas City Royals osapambana gemu ndi imodzi yomwe. Mu 2013 phazi linamuvuta kwambiri moti anangosewera magemu 99 mwa 162. Amene tinkaonera zaka zimenezo tikukumbukira mmene zinkakhalira: amenya mpira mwamphamvu ndithu, koma ukukwawa pansi kulunjika kwa wotchinga pakati pa beisi yachiwiri ndi yachitatu (mabeisi ndi malo amene womenya amathamangirako akamenya mpira). Wotchingayo sachita n'kufulumira komwe. Autola, auponya ku beisi yachiwiri, mnzake auponya ku yoyamba, anthu awiri atuluka, Pujols adakali m'njira, akuthamanga ngati wapondera minga. Palibe wosewera m'mbiri ya Major League Baseball, ligi yaikulu ya ku America, amene anatulutsitsa anthu awiriawiri chonchi kuposa iye.

Izi si ulesi. Mpira wa woponya waluso umathamanga makilomita oposa 150 pa ola, ndipo mtunda wake ndi mamita 18 okha. Womenya ali ndi nthawi yosakwana theka la sekondi yoti aone ngati mpirawo ukubwera molunjika kapena ukhota, asankhe kumenya kapena kuusiya, ndiponso atembenuze chiuno ndi mikono. Diso ndi manja zikachedwa pang'ono chabe, mpira umene unkagwera kwa oonerera umathera m'manja mwa wotchinga. Aliyense woyendetsa timu amadziwa kuti omenya ambiri amafika pachimake asanakwane zaka 30. Sichinali chinsinsi mu 2011, ndipo a Arte Moreno, eni ake a Angels, sanakakamizidwe ndi munthu kugwira cholembera.

Nanga n'chifukwa chiyani wosewera amalandira ndalama zochuluka kwambiri pa nthawi imene luso layamba kutsika? Yankho lili m'malamulo a ligi, ndipo apa mpamene masapota ambiri safuna kuchedwapo. Mnyamata akalowa mu Major League Baseball, timu yake imakhala naye zaka 6 asanaloledwe kudzigulitsa yekha kwa amene wamufuna. Zaka zitatu zoyambirira timu imamulipira mmene yafunira, nthawi zambiri pafupi ndi malipiro otsikitsitsa ovomerezeka. Zaka zitatu zotsatira akhoza kukadandaula kwa oweruza apakati, koma sangapite kwina. Mu 2001, pamene Pujols anamenya ma home run 37 n'kusankhidwa kukhala wosewera watsopano wopambana onse, analandira madola 200,000. Inde, mu 2004 Cardinals inamupatsa madola 100 miliyoni pa zaka 7, choncho sindikunena kuti ankagona ndi njala. Koma imeneyo inali ndalama yochepa poyerekeza ndi ntchito ya munthu amene anali womenya wopambana onse m'zaka zimenezo, pamene Alex Rodriguez anali atasainira kale madola 252 miliyoni ku Texas mu 2000. Dongosolo lonse linamangidwa kuti lizibana wosewera ali mnyamata n'kumubwezera atakula. Zili ngati kugulitsa chimanga chidakali m'munda pa mtengo wolira, n'kudzalandira ndalama yeniyeni nkhokwe itayamba kufumbwa.

Ngakhale ufulu wodzigulitsa pambuyo pa zaka 6 sunabwere pa mbale. Mu 1969 Cardinals yomweyi inatumiza Curt Flood ku Philadelphia Phillies osamufunsa, iye n'kukana kupita. Anakasuma mpaka ku khoti lalikulu kwambiri la dzikolo, mu 1972 mlandu unamugomera, ndipo ntchito yake inali itatha kale mu 1971. Mu 1975 woweruza wapakati, Peter Seitz, anagamula mokomera Andy Messersmith ndi Dave McNally, ndipo kuyambira pamenepo bungwe la osewera, limene linkatsogozedwa ndi Marvin Miller, linapeza mphamvu zokambirana. Ndiye munthu akadikira zaka zonsezo n'kufika pa khomo limene anzake analitsegula movutikira chonchi, tikufuna akane madola 240 miliyoni chifukwa akudziwa kuti mawondo adzamuvuta? Ndani mwa ife angakane?

Sapota wa Angels ali ndi poyankhira, ndipo ndikumumvetsa. Anganene kuti ngati inali ngongole, anayenera kubweza ndi a Cardinals amene anadyerera, osati Angels. N'zoona. Cardinals inachenjera. Inamusiya apite, inatenga Carlos Beltrán pa zaka ziwiri zokha, ndipo pa mwayi wosankha wosewera wachinyamata umene inapatsidwa chifukwa chotaya Pujols inapeza woponya Michael Wacha. Mu 2013 inali yabwereranso mu World Series. Koma dandaulo limeneli lipite ku ofesi ya mwini timu. Angels inali itangogwirizana ndi kampani ya wailesi yakanema pa ndalama zankhaninkhani, ndipo inkafuna dzina lalikulu loti likope anthu m'dera limene Los Angeles Dodgers ndiyo imalamulira. Onaninso mmene malipirowo anawayalira: madola 12 miliyoni mu 2012, kumakwera chaka ndi chaka mpaka 30 miliyoni mu 2021. Amene analemba zimenezi ankadziwa kuti zaka zomalizira zidzawawa. Anangosankha kuti ululuwo udzabwere mawa.

Komanso sikanali komaliza. Patangotha chaka anapatsa Josh Hamilton madola 125 miliyoni pa zaka 5, ndipo mu 2015 anamubweza ku Texas kumene anachokera, iwo akupitiriza kulipira gawo lalikulu la ndalamazo. Mu December 2019 anapatsa Anthony Rendon madola 245 miliyoni pa zaka 7, ndipo kuvulala kunamukhazika pa benchi nthawi yaitali kuposa imene anakhala m'bwalo. Nthawi yonseyi timuyi inali ndi Mike Trout, MVP katatu, kenako Shohei Ohtani, koma oponya odalirika ankasowa chaka ndi chaka. Zinthu zikabwerezeka katatu pa khomo limodzi, vuto silikhalanso la alendo.

Ifenso masapota tili ndi malilime awiri. Pujols atachoka ku St. Louis, ambiri kumeneko anamutcha wosayamika, wokonda ndalama kuposa mzinda umene unamulera. Detroit Tigers inachita zimene masapota amapempha: mu 2014 inaonjezera Miguel Cabrera zaka 8 pa madola 248 miliyoni kuti adzapumire pakhomo pomwepo. Cabrera anali atangokhala MVP zaka ziwiri zotsatizana, ndipo mu 2012 anatsogola ligi pa avareji, ma home run ndi kulowetsa anzake, zimene zinali zisanachitike chichokere 1967. Anthu anaomba m'manja. Mawondo atayamba kumuvuta, pakamwa pomwe paja panayamba kutuluka mawu akuti kontirakitiyi yamanga timu miyendo. Boston Red Sox nayo inachita zosiyana: mu February 2020 inatumiza Mookie Betts ku Dodgers poopa kumulipira, Dodgers n'kumupatsa madola 365 miliyoni pa zaka 12, iye n'kutenga chikho chaka chomwecho. Ku Boston mpaka lero sanakhululuke. Timu ikalipira tikuti yapusa, ikapanda kulipira tikuti ndi youmira.

Ozolowera mpira wamiyendo adziwe kuti kuno nthawi zambiri sagula wosewera ndi ndalama kuchokera ku timu ina. Amasinthana anthu, ndipo kontirakiti imatsatira mwini wake, ndalama zake zonse zili zotsimikizika ngakhale atavulala kapena kuchotsedwa. N'chifukwa chake kuchotsa katswiri wokalamba kumafuna nyambo. Seattle Mariners inapatsa Robinson Canó madola 240 miliyoni pa zaka 10 mu December 2013. Patatha zaka 5 inafuna kutula katunduyo, ndipo kuti New York Mets ivomere, anaphatikizapo Edwin Díaz, woponya wotsekera magemu amene anali pachimake, ndi ndalama pamwamba. Canó analetsedwa kusewera sizoni yonse ya 2021 chifukwa cha mankhwala oletsedwa, kachiwiri kameneko, ndipo mu May 2022 Mets inamuchotsa ikumulipirabe. Uyu yekha sindimuikira kumbuyo. Kukalamba si mlandu, koma mankhwala ndi mlandu wake.

Sikuti aliyense wopitirira zaka 30 ndi chiphaso cha imfa. David Ortiz anamenya ma home run 38 ali ndi zaka 40 mu 2016. Atlanta Braves inasiya Freddie Freeman apite ali ndi zaka 32, ndipo mu 2024 anakhala MVP wa World Series atavala za Dodgers. Koma Freeman anasainira zaka 6, osati 10. Kusiyana kwagona pamenepo.

Umboni wanga waukulu ndi Pujols yemweyo. Mu May 2021 Angels inamuchotsa, avareji yake ili .198, malo ake pa beisi yoyamba atatengedwa ndi Jared Walsh. Dodgers inamutola pa malipiro otsikitsitsa, zotsala zonse ikulipira Angels. Mu 2022 anabwerera ku Cardinals pa madola 2.5 miliyoni, chaka chimene National League inakhazikitsa lamulo lolola womenya amene satchinga nawo m'bwalo. Poyamba ankamuika makamaka woponya akakhala wamanzere, amene iye ankawaonabe bwino, masiku ena n'kumapuma. Munthu wa zaka 42 anamenya ma home run 24, ndipo 18 mwa amenewa anabwera m'theka lachiwiri la sizoni. Pa 23 September, pa Dodger Stadium, anamenya awiri usiku umodzi n'kufika pa 700, malo amene anafikapo Barry Bonds, Hank Aaron ndi Babe Ruth basi. Anamaliza ndi 703. Miyendo inali yomwe ija, zaka zitaonjezekera. Chimene chinasintha ndi mtengo wake ndi ntchito imene ankamupatsa. Pa madola 30 miliyoni mphunzitsi amakakamizika kumulowetsa tsiku lililonse kuti abwana asachite manyazi. Pa 2.5 miliyoni amamulowetsa pamene akuthandiza.

Ngati masapota atopadi ndi makontirakiti otere, akuwe mokweza kuti anyamata azilipidwa adakali anyamata. Mgwirizano wa eni matimu ndi osewera wa mu March 2022 unayesako: unakweza malipiro otsikitsitsa kufika madola 700,000 ndi kukhazikitsa thumba la madola 50 miliyoni pa chaka logawira achinyamata ochita bwino. Koma zaka 6 zija sanazikhudze. Atazidula kufika pa 4, ambiri akanamafika pa msika adakali anyamata, ndipo matimu akanamagula zaka zabwino zimene zikubwera m'malo mwa zimene zinapita. Juan Soto anapeza madola 765 miliyoni ku Mets mu December 2024 chifukwa analowa mu ligi ali ndi zaka 19 n'kumasuka ali ndi 26. Ngakhale iyeyo kontirakiti yake ndi ya zaka 15, idzatha mu 2039. Ya Aaron Judge ku New York Yankees, ya madola 360 miliyoni, idzatha mu 2031 iye ali ndi zaka 39. Masiku oti awiriwa azidzachedwa kufika pa beisi yoyamba akubwera, ndipo amene anasaina macheke awo ndi a Steve Cohen a Mets ndi a Hal Steinbrenner a Yankees, eni matimuwo.

Ndine wowerenga wanu,
Wotsatira baseball