Kalata yochokera ku Moshi

Okondedwa Amayi,

Ndikukhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse pakhomopo. Moni kwa amalume ndi azakhali. Ine ndayamba kupezako bwino, za matendazo ndifotokoza. Poyamba ndiuzeni, malata aja ali kuti?

Mlongo wanga wanditumizira chithunzi cha nyumba ija pa WhatsApp. Makoma ali chiimire monga ndinawasiyira, pamwamba palibe ngakhale thabwa limodzi, udzu wamera mpaka m'chipinda chomwe ndinati chidzakhala chanu. Ndalama za malata ndi matabwa ndinatumiza kwa mng'ono wanga mu Ogasiti, zonse nthawi imodzi, chifukwa inu munati iye ndiye amadziwa zogulagula. Lero ndikumva kuti akuyendera njinga yamoto, eti wabwereka kwa mnzake. Mnzake uti wobwereketsa njinga miyezi iwiri? Sindikufuna kumutchula wakuba, koma Amayi, mwana ameneyu mwakhala mukumuikira kumbuyo kuyambira kale. Akuonetseni malisiti. Ngati alibe, njingayo igulitsidwe, malata afike pakhomo mvula isanagwe.

Mwina akuganiza kuti poti ife onyamula katundu wa alendo paphiri la Kilimanjaro kuno ku Tanzania timayenda ndi azungu, ndalama timangotola. Mumuwerengere ndime iyi amve yekha.

Ulendo wathawu tinakwera Kilimanjaro kudzera njira ya Machame. Pageti amayeza katundu pasikelo, munthu asapyole makilogalamu 20, ndipo zovala zako ndi chofunda chako umawonjezera pamwamba pa amenewo. Ine anandipatsa matenti ndi mipando. Tsiku loyamba ndi nkhalango yokhayokha, matope mpaka m'maondo a thalauza. M'mawa alendo akamwa tiyi amanyamuka, ife timatsala kugwetsa msasa, kenako timawapitirira panjira mothamanga, kuti akamafika apeze matenti ali chiimire, madzi osamba m'manja ali otentha. Pali malo amati Barranco Wall, khoma la miyala lokwera chokwawa. Mlendo amagwira mwala ndi manja onse awiri, gaidi akumuuza poponda. Ife dzanja limodzi lili pamwala, lina likugwirira katundu pamutu, pansi pali phompho. Ukadutsa chigwa cha Karanga kulibenso madzi, ndiye timasenza zigubu mpaka kumsasa wa Barafu, pamtunda wa mamita oposa 4,600. Ndalama ya malata anu inadutsa pamenepo.

Ku Barafu komweko n'kumene ndinadwalira. Mutu kuwawa, kusanza, tulo osabwera, befu ndili chigonere. Si malungo, ndipo musalole munthu akunamizeni kuti pali dzanja la wina, n'kukudyerani ndalama. Kumtunda kuja mpweya ndi wochepa, thupi likakwera mofulumira limalephera kuzolowera, ena madzi amawadzadza m'mapapo mpaka kutaya moyo. Mankhwala ake ndi kutsika basi. Gaidi wamkulu anandipana kachipangizo koyezera mpweya wa m'magazi pachala, atawona nambala sanachedwe, anandipatsa mnyamata wina wonditsitsa njira ya Mweka usiku womwewo. Pofika kumunsi mutu unali utapepuka. Chifuwa ndicho chinandikakamira mpaka ndinakagona kuchipatala kuno ku Moshi, ndipo mashilingi omwe ndikanawonjezera pa fizi anathera kumeneko. Malipiro a kampani ndi ochepa, chomwe timadalira ndi tipi ya alendo tsiku lomaliza. Yanga anzanga anandisungira, anandipatsa yonse osachotsapo kanthu. Anthu osakhala abale anga amenewo.

Dzulo ndatumiza ndalama pafoni ya mlongo wanga, ndipo kuyambira lero zonse zizidzera kwa iye. Ayambe walipira fizi ya mwana wamkuluyo, risiti ajambule anditumizire tsiku lomwelo. Zotsala agule feteleza ndi mankhwala anu a BP. Musamadumphitse mankhwalawo poti mwadzuka bwino. Wina aliyense wobwera ndi nkhani ya ngongole mumuuze andiimbire ineyo.

Koma phirili, Amayi, ndimalakalaka mukanaliona ndi maso anu. Sapitwa yemwe timamuopa uja ndi mamita 3,002, pamene nsonga ya Uhuru ndi mamita 5,895, ndipo mu Africa monse mulibe lina lofika pamenepo. Ukagona kumsasa wa Shira, madzulo mitambo imakhala kumunsi kwa iwe, phiri la Meru likusuzumira pamwamba pake dzuwa likulowa. Ku Barranco kuli mitengo yomwe sindinaiwonepo kwina: thunthu lake lakutidwa ndi masamba ake ouma omwe sagwa, obiriwira ali kumutu kokha, ndipo oumawo ndiwo amauteteza ku chisanu cha usiku. Kunsonga kuli madzi oundana otalika kuposa munthu, ngakhale anthu akale pantchitoyi amati akutha, anali ochuluka zedi iwo akuyamba. Nthawi ngati zimenezo ndimakusowani kwambiri. Ndimaganiza za ana, kuti wamng'onoyo wayamba kuyenda ine kulibe. Mumuuze mayi ake anditumizire kavidiyo, asamangonena kuti mawa.

Alendowa amanyamuka ku Barafu pakati pa usiku, matochi ali pamphumi, kuti dzuwa likawatulukire cha ku Stella Point, pafupi ndi nsonga. Ambiri anayendako kale kumapiri ena. Mayi wina wachikulire anandionetsa zithunzi za ku Nepal, komwe anayenda wapansi mpaka ku Everest Base Camp, mamita 5,364. Onyamula katundu akumeneko amaberekera dengu kumsana, lamba wake ali pamphumi. Anapitanso ku Peru, masiku 4 panjira ya Inca Trail yokathera ku Machu Picchu, ndipo nakonso kuli anthu ngati ife, otsogola ndi matenti. Anati anasunga ndalama zaka zambiri kuti adzakwere Kilimanjaro. Ndinamulemekeza mayi ameneyu, munthu wodziwa chomwe akusungira. Pochoka anandisiyira jekete lotentha ndi nsapato zabwino. Jekete langa lakale ndidzapatsira munthu wobwera kumeneko, ndi la mwana wamkuluyo lopitira kusukulu m'nyengo yozizira, wina asalivale.

Dziwaninso kuti ntchito ino ili ndi nyengo. Kuyambira Juni mpaka Okutobala alendo amachuluka. Novembala kumagwa mvula, amachepa. Amabweranso cha ku Khirisimasi mpaka Febuluwale, kenako Malichi mpaka Meyi ndi mvula yaikulu, ambirife timangokhala, lendi ikuwerengabe. Dokotala wanenanso kuti ndisakwere mpaka chifuwachi chitheretu, ndiye pakadali pano ndikungochapa matenti kumalo a kampani. Ndalama ina ya malata ndilibe, ndipo sindikudziwa kuti ndingaipezenso liti. Makomawo akamwa mvula chaka chinonso agwa, njerwa zonse zija zipita pachabe.

Lamlungu madzulo mng'ono wanga andiimbire, inu muli pomwepo, amalume alinso pomwepo, malisiti ali m'manja. Asanene kuti foni inalibe moto, mlongo wanga amubwereke yake. Akathawa, amalume atenge makiyi a njingayo asunge kufikira nditalankhula naye.

Ndine mwana wanu,
ku Moshi, Tanzania