Ana a mitu yakuthwa tikungowalowezetsa manotsi basi

Akonzi,

Ndipatseniko kampata mu nyuzi yathuyi ndilankhulepo za ana aja amati aphunzitsi asanamalize funso iwo ayankha kale. Kuno ku Dedza tikakhala pa msonkhano wa makolo nkhani imakhala ya ana osiya sukulu, a mimba, osowa yunifomu ndi makope, ndipo nzoona amenewo tiwaganizire ndithu, koma mwana wanzeru kwambiri palibe amamudandaula, timangoti aaa ameneyo msiyeni adzakhoza yekha. Ine zimenezo ndikukana. Ambiri mwa ana amenewa amatopa nayo sukulu mwakachetechete ife osadziwa, ena mpaka amaisiya ali ndi mutu wabwinobwino.

Sindikunena aphunzitsi ayi, munthu mmodzi ana opitirira 100 mkalasi ungatani. Koma taonani zomwe zimachitika, mwana wamaliza masamu anzake asanalembe ndi deti yomwe, ndiye nthawi yotsala yonseyo amamupatsa ntchito yolemba maina a olongolola kaya kukatenga choko ku ofesi, akapanda kupatsidwa chochita amayamba kupulupudza kenako dzina lake lasanduka wosamva. Akafika sitandade 8 ndiye part time m'mawa, part time madzulo, holide yomwe, ife makolo ndalama tikutulutsa, koma chomwe akuchita ndi kuloweza mapepala akale a MANEB kuti adzasankhidwe basi. Science and Technology pa timetable ilipo, Expressive Arts ilipo, koma zambiri zimathera pa bolodi. Mwana akulemba bwinobwino kuti magetsi amayenda bwanji mu waya pomwe wayayo ndi batire sanazilumikizepo ndi manja ake.

Mwana wa achemwali anga ali sitandade 6, chaka chatha anaphwasula wailesi ya agogo ake kufuna kuona komwe mau akuchokera, ndipo chomwe analandira ndi chikwapu. Amene anamumvetsa ndi mnyamata wina wokonza mafoni pa trading centre pathu pano, anamuuza kuti abwere ndi mbatata ya kachewere zinayi. Mbatata iliyonse anaibaya msomali wokhomera malata mbali ino, kawaya ka kopa mbali inayo, kenako nkulumikiza kopa wa mbatata iyi ku msomali wa inzake mpaka zonse zagwirana, kumapetoko nkuikako kababu kofiira ka LED komwe anachotsa mu chaja yakufa. Kanayaka pang'ono chabe, mpaka anachita kukatchinga ndi manja kuti akaone, koma mwanayo anakuwa pamsika ponse anthu nkutembenuka. Anamufotokozera kuti mbatata imodzi simakwana ndi volt imodzi yomwe ndiye chifukwa chake pamafunika zingapo, komanso kuti mphamvuyo ikuchokera ku zitsulo ziwiri zosiyanazo, madzi a mu mbatata akungothandiza kuti idutse. Sabata yonse mwanayo anali pa mafunso, nanga ndimu, nanga tomato, nanga mbatatayo titaiphika, ndipo anayesa yekha zonsezo nkumalemba kumbuyo kwa kope la Chichewa. Mbatata imeneyi ku Bembeke ndi ku Lizulu imachita kuunjikidwa m'mbali mwa msewu, sitinganene kuti zipangizo zasowa.

China chili kukhitchini kwathu komwe. Viikani chidede m'madzi otentha mpaka afiire, mugawe m'matambula awiri, ina muthiremo ndimu ina muthiremo chidulo chomwe amayi amacheza pophika therere, muona ya ndimu yafiira mowala ya chidulo yada nkumapita kobiriwira. Ma acid ndi ma base omwe akawapeze ku sekondale ndi amenewo, koma mwana amene anaziona yekha ali sitandade 5 sadzafunanso kuloweza.

Tonse timanyadira William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene ali ndi zaka 14 anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotola, zida za njinga ndi mitengo ya bulugamu, sukulu atasiya kamba kosowa fizi nthawi ya njala ija ya 2002. Pambuyo pake anakaphunzira mpaka ku Dartmouth College ku America. Koma tikamamutchula timaiwala kuti chinamuthandiza ndi kalaibulale kakang'ono komwe anapezamo buku la zithunzi za makinawo, komanso kuti pomwe ankatoleza zitsulozo anthu ankamuyesa wamisala. Ana otere aliponso ku Linthipe, ku Mayani, ku Lobi, ku Golomoti, funso ndi lakuti akafuna buku kaya pulayala alowera kuti.

Za luso ndiye zimandipweteka kwambiri chifukwa boma lathu lino ndi lolemera nazo. Ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula za pamiyala ndipo UNESCO inawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, zofiira zija akuti anajambula ndi Akafula, zoyera ndi makolo athu Achewa zokhudza chinamwali ndi gule. Alendo amachoka kutali kudzaona ku Chentcherere, ku Namzeze ndi ku Mphunzi pomwe ana ambiri okhala m'munsi mwa mapiri omwewo sanakwereko ndi aphunzitsi awo olo kamodzi. Tangoganizani mwana wokonda kujambula mwapita naye kumeneko, waona ndi maso, pobwera mwamuuza kuti apange utoto wake ndi katondo, makala ndi dothi loyera ayese kujambula pa mwala kuseri kwa sukulu, ndipo mumuuzenso chifukwa chake zakalezo sitizigwira kapena kulembapo maina. Ku Mua kuli KuNgoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe omwe bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, amisiri osema aphunzira kumeneko ambirimbiri, pa boma pomwe pano pali Dedza Pottery komwe dongo lomweli amaumba makapu ndi mbale zomwe alendo amagula. M'midzimu muli agogo odziwa kusankha dongo labwino, kulikanda, kuumba mphika nkuwotcha osasweka. Mwana amene amapanga galimoto ya mawaya yokhota ndi chiwongolero chenicheni, matayala a zitsekerero za mabotolo, ameneyo wayamba kale kuganiza za muyeso ndi momwe zinthu zimagwiranirana, koma ife timamukalipira kuti wataya nthawi yowerenga.

Kulemba nakonso chimodzimodzi, chimangirizo chomwe ana amalemba ndi chija cholowezedwa, mutu womwewomwewo chaka ndi chaka, mau oyamba omwewo kalasi yonse. Bwanji osamutuma mwana akakhale ndi agogo ake madzulo amufotokozere momwe mudzi wawo unayambira kaya momwe anapulumukira njala, iye alembe m'mau akeake, Lachisanu awerengere anzake, zabwinozo zimatidwe pa khoma ngati nyuzi ya pasukulu. Pamafunika pepala ndi phala lomatira basi. Ndipo alembe m'Chichewa momwe akumvera kukoma, Chingerezi chibwera, mwana wodziwa kuyala nkhani m'chiyankhulo chake savutika kuiyala m'china.

Ena anena kuti kusankhula ana anzeru ndi tsankho, nanga enawo. Ine sindikupempha kalasi yapadera kaya sukulu ngati Kamuzu Academy m'mudzi uliwonse ayi. Ndikupempha kalabu, ola limodzi kaya awiri pa sabata, khomo lotsegula kwa aliyense wofuna, mudzaona okha amene zawagwira mtima akubwerabe anzawo atatopa. Ndipo tisamangoyang'ana amene amakhala nambala 1 pa mayeso, pali ana ena amakhala nambala 30 chifukwa manotsi amawatopetsa koma muwapatse dinamo ya njinga muone. Atsikana ndiye tiwaganizire mwapadera, mtsikana akaweruka kunyumba kukumudikira mtondo, kuchigayo ndi mwana wobereka, mukaika kalabu madzulo kwambiri mudzapeza anyamata okhaokha. Ikhale akangoweruka, ndipo a mother group ayende m'makomo kukapempha makolo kuti tsiku limenelo amumasule.

Aphunzitsi tisawasenzetse okha katunduyu, atopa kale. Pa zoni iliyonse pali TDC, malo omwe aphunzitsi amakumanirako, ndipo a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale mu zoniyo, amakumana ndi mahedi pafupipafupi, atha kugwirizana kuti kamodzi pa teremu ana a makalabu a sukulu zonse za mu zoni akumane pamenepo aliyense abwere ndi chomwe wapanga, makolo ndi mafumu adzaone. Ophunzitsa alipo kale, wowotcherera zitsulo, kalipentala, telala, wokonza njinga, alangizi a zaulimi, aphunzitsi opuma ntchito, ngakhale ana athu omwe ali ku MUST ndi ku makoleji ena akabwera ku holide amangokhala pakhomo. Ambiri mukawapempha mwaulemu sangakane ola limodzi. Pa ndalama za SIG, zija zotukulira sukulu zomwe sukulu zimalandira kuchokera ku boma, a komiti atapatulako pang'ono chabe zogulira mawaya, mababu, mapepala ndi utoto sizingagwetse chimbudzi chomwe akumanga.

Kwa makolo anzanga, mwana akaphwasula tochi tisathamangire chikwapu, timufunse kaye kuti wapezamo chani ndipo timuuze aibwezeretse momwe inalili, ngati pali wailesi yakufa kuseri kwa bedi mpatseni ikhale yake. Ine pa msonkhano wa PTA teremu ino nkhaniyi ndikaiyambitsa, ndipo wokonza mafoni uja wavomera kale kumabwera Lachisanu ngati ahedi angatipatse kalasi imodzi. A ofesi ya maphunziro pa boma ndikupempha kuti mulembere masukulu kalata yololeza anthu a m'mudzi kumathandiza makalabu otere, chifukwa mahedi ena akufuna koma amaopa kuyamba popanda chilolezo chanu.

Ndine kholo,
Linthipe, Dedza