Ngwazi ya m'katuni isamangoima chilili pa chikuto cha buku loyamba

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko ndi achinyamata athu amene akujambula nthano za makatuni n'kumaziika pa Facebook, ena mpaka kukasindikiza timabuku m'mashopu a fotokope pa boma pano. Luso la m'manja lilipo, sinditsutsa. Pamene pavuta ndi pa chikuto cha buku loyamba, lija limene ngwazi yawo ya mphamvu zodabwitsa ikuonekera koyamba. Ndikudziwa kuti kuno ku Kasungu ukati ngwazi anthu amaganiza za Kamuzu, koma lero ndabwereka dzinali kuti ndinene za anthu a m'nthano aja ouluka ndi onyamula magalimoto.

Pa zikuto zambiri mupeza munthu waima chilili, manja m'chiuno, chifuwa chili nganganga, kumbuyo kwake mphezi, moto, mbendera ndi nkhope zisanu za anthu amene sitikuwadziwa. Woona amavomereza kuti munthuyu ndi wadzitho, koma sadziwa chimene amatha kuchita. Kuima chilili kumayenera ngwazi yodziwika kale. Mlendo ayenera kufika akugwira ntchito.

Taonani chikuto cha buku limene Superman anaonekera koyamba, Action Comics nambala 1, cha June 1938, chimene anajambula Joe Shuster. Superman wasenza galimoto yobiriwira n'kumaimenyetsa pa thanthwe, tayala lagwera pansi, ndipo pakona yakumanzere m'munsi muli bambo akuthawa atagwira mutu ndi manja onse awiri. Dzina la Superman palibe pa chikutocho. Palibenso mawu ofotokoza mphamvu zake. Galimoto ndiyo muyeso, chifukwa aliyense amadziwa kulemera kwake, ndipo nkhope ya wothawayo ikuuza woona mmene ayenera kumvera. Bukulo linkagulidwa masenti 10. Kope imodzi yosungidwa bwino inagulidwa madola 6 miliyoni mu 2024, ngakhale ndalamazo zatsata mbiri ndi kusowa kwa bukulo kuposa kukongola kwa chithunzi. Kunena zoona chithunzicho si chosalala, ndipo alipo ana a sekondale amene angajambule manja bwino kuposa pamenepo. Chimene Shuster anakhoza ndi kusankha chochitika chimodzi.

Batman anatulukira mu Detective Comics nambala 27, May 1939, akulendewera pa chingwe pamwamba pa madenga atapanira munthu kukhwapa, thambo lonse lili lachikasu kuti mapiko ake akuda aoneke patali. Spider-Man, mu Amazing Fantasy nambala 15 ya August 1962, nayenso wanyamula munthu kukhwapa ali m'malere. Chikuto chimenecho anayamba kujambula ndi Steve Ditko, mkonzi Stan Lee n'kuchikana, ndipo chimene chinatuluka ndi cha pensulo ya Jack Kirby, Ditko n'kudzathira inki. Ine sindichiyamikira chonse. Pali mawu ambiri, ndipo mnyamatayo akutchula dzina lake lachinsinsi, Peter Parker, mokweza m'khutu mwa munthu amene wamunyamula. Koma mutafufuta mawu onsewo chithunzi chikuyankhulabe, ndipo muyeso wake ndi umenewo.

Wina anganene kuti chikuto cha Captain America Comics nambala 1 n'chodzaza ndi asilikali, mfuti ndi mapu, komabe n'chotchuka. N'zoona. Koma zonsezo zazungulira chibakera chimodzi chimene chikutera pa chibwano cha Hitler, ndipo bukulo linafika pa msika mu December 1940, kutatsala chaka kuti America alowe nkhondo. Kudzaza si mlandu ngati diso likudziwa potera.

Ndiye wojambula wa kuno ayambe bwanji? Asayambe ndi pepala lalikulu. Ajambule timabokosi khumi kapena kupitirira, kalikonse kukula ngati bokosi la machesi, ndipo m'kalikonse ayese chochitika china. Ngwazi ikutukula lole ya mabelo a fodya imene yagwera m'ngalande pa msewu wa M1. Ngwazi yagwira njovu pa minyanga m'munda wa chimanga kufupi ndi nkhalango ya Kasungu, mayi ali kumbuyo wagwetsa lichero. Zinthu zimenezi owerenga athu amazidziwa kulemera kwake monga a ku America ankaidziwira galimoto. Nyumba zosanja za ku New York siziuza mwana wa ku Santhe kapena ku Chulu kanthu kalikonse, pamene mzere umodzi wa phiri la Kasungu kumbuyo wakwanira kunena kumene nkhani ikuchitikira. Akasankha kabokosi kamodzi, adetse thupi lonse la ngwaziyo ndi inki kuti likhale ngati chithunzithunzi cha munthu padzuwa. Ngati sizikudziwikanso kuti mkono ndi uti, mwendo ndi uti, ndiye kuti ziwalo zaunjikana pa thupi. Atambasule manja, pakati pa mkono ndi nthiti paoneke mpata. Kenaka akhome pepalalo pa khoma, abwerere m'mbuyo mamita atatu. Chosaoneka pamenepo sichidzaonekanso pa foni, pamene chikuto chimachepa kufika pa kukula kwa chala chachikulu.

Gawo limodzi mwa magawo atatu la kumtunda lisiyireni dzina la buku. Mwambowu unabwera chifukwa pa mashelefu a ku America mabuku ankasanjikizana, kumtunda kokha n'kumaoneka, ndipo ndi mmenenso amayalira mabuku ogulitsa pa khonde la sitolo kuno. Mutu wa ngwazi ukhoza kuphimba chilembo chimodzi, osati zitatu. Nambala 1, mwezi, chaka, mtengo ndi dzina la wojambula zikhalepo.

Pa mitundu ndi pamene ambiri amalira. Hulk anatuluka wotuwa ngati phulusa mu May 1962, koma osindikiza analephera kusunga kutuwako mofanana pa masamba onse, ndipo pofika buku lachiwiri anamusandutsa wobiriwira. Makina osindikizira amagwiritsa ntchito inki zinayi zokha, zija amati CMYK: yabuluu, yofiirira ngati pinki, yachikasu ndi yakuda. Mitundu ina yonse imachokera ku timadontho ta inki zimenezi tosanjikizana. Mtundu wofuna inki zitatu pang'onopang'ono, monga wotuwa, umasintha msanga inki imodzi ikangochuluka. N'chifukwa chake ngwazi zakale zinkavala zofiira, zabuluu ndi zachikasu zowala, zimene zimafuna inki imodzi kapena ziwiri zodzaza.

Kwa ife nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa khungu lathu ndi mtundu wa inki zitatu kapena zinayi. Yabuluu ikachuluka, nkhope imatuwa ngati ya munthu wodwala. Yofiirira ikaposa yachikasu, nkhope imapsa ngati chitedze chamugwira. Poyambira pabwino ndi maperesenti awa: yabuluu (C) 30, yofiirira (M) 60, yachikasu (Y) 75, yakuda (K) 20, kenaka n'kumasintha poona pepala lenileni lotuluka m'makina amene mudzagwiritse ntchito, osati poona galasi la kompyuta. Galasi limawala ndi kuwala kwake, mwa dongosolo la RGB losakaniza kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwabuluu, ndipo limaonetsa buluu ndi zobiriwira zimene inki singathe kuzitulutsa. Sindikizani kope imodzi yoyesera, mukaione panja masana. Ngati buku lidzachulukitsidwa pa fotokope yakuda yokha, musapake khungu ndi pensulo, chifukwa makinawo amalisandutsa chibanthu chakuda, maso okha n'kutsala. Siyani pamphumi, pamphuno ndi pamasaya poyera, mthunzi muupange ndi timizere ta inki totalikirana.

Pamenepa ndikumbutse za Black Panther, mfumu ya dziko lopeka la Wakanda, amene anaonekera koyamba mu Fantastic Four nambala 52, July 1966. Kirby anamujambula akulumpha pamwamba pa ngwazi zinayi za bukulo, ndipo kalumphidweko n'kogwira mtima. Koma chigoba chaphimba nkhope yonse, moti woona chikuto chokha sangadziwe kuti ndi munthu wakuda. Chilipo chikuto china chimene sichinagwiritsidwe ntchito, chimene kukamwa ndi chibwano zili poyera. Ife tilibe chifukwa chobisira khungu la ngwazi zathu. Ndipo amene akufuna kubwereka maonekedwe a zilombo za Gule Wamkulu popanga chigoba, ayambe wakhala pansi ndi akuluakulu a mwambo. Za kudambwe si zongotola.

Za miyeso ndinene mwachidule. Buku la A5 ndi pepala la A4 lopindidwa pakati, choncho masamba ayenera kugawika ndi 4, monga 16, 20 kapena 24, kupanda kutero mutsala ndi masamba opanda kanthu. Pa pepala la chikuto, kumaso kwa buku kumakhala kudzanja lamanja, kumbuyo kumanzere, ndipo ambiri amatembenuza. Mukajambula pa A3 n'kuchepetsa kufika pa A5, chilichonse chimatsika ndi theka, ndiye mzere wa cholembera cha nsonga ya mamilimita 0.1 umasowa. Gwiritsani 0.8 pa mzere wozungulira thupi, 0.4 kapena 0.5 m'kati. Chithunzi chipitirire mamilimita atatu kunja kwa podulira, chifukwa mpeni wa osindikiza sutera malo amodzi nthawi zonse ndipo mukapanda kutero m'mphepete mumatsala kamzere koyera. Zilembo zikhale mamilimita asanu m'kati mwa podulirapo. Pochita sikani ikani 300 dpi (timadontho pa inchi imodzi) ngati chili ndi mitundu, 600 ngati ndi inki yakuda yokha. Mukamatumiza pa WhatsApp tumizani ngati document, chifukwa mukatumiza ngati chithunzi wamba amachifinya ndipo mizere imatuluka yamanomano. Masamba a m'kati akwanira pepala la 80 gsm (muyeso wa kulemera kwa pepala), chikuto chikhale cha 160 mpaka 200. Pepala lolimba choncho liyambe lakandidwa mzere ndi kumbuyo kwa mpeni motsata rula musanalipinde, apo ayi inki imang'aluka pa msana ndipo buku latsopano limaoneka ngati la kaunjika.

China chimene achinyamata sachilabadira ndi kuika ngwaziyo pa chikuto cha buku limene yayambiradi. Wonder Woman anayambira m'masamba akumapeto a All Star Comics nambala 8 chakumapeto kwa 1941, pa chikuto palibe, mpaka Sensation Comics nambala 1 ya January 1942. Wolverine anaonekera m'kabokosi komaliza ka The Incredible Hulk nambala 180 mu 1974, koma osonkhanitsa mabuku amalimbirana kwambiri nambala 181, imene Herb Trimpe anamuika pa chikuto akulimbana ndi Hulk. Anthu amakumbukira chimene anaona kunja. M'buku lomwelo la 181 munali kasitampa koti ana adule, ndipo makope odulidwawo lero amagwa mtengo kwambiri. Amene mukuika makuponi a mpikisano m'timabuku tanu, aikeni pa kapepala kapadera.

Chithunzi chenicheni cha pamanja chija musachisiye ku shopu yosindikizira. Chisayinidwe, chilembedwe tsiku kumbuyo, chisungidwe chogona pakati pa makatoni awiri kutali ndi chinyezi ndi chiswe. Jerry Siegel, amene analemba nthano ya Superman, ndi Joe Shuster anagulitsa umwini wa Superman pa madola 130 mu 1938, ndipo anatha zaka zambiri m'makhoti osaubweza. Wina akafuna kulipira ndalama zosindikizira, mulembelane pa pepala kuti akulipira makope angati ndiponso kuti ngwaziyo ndi ya yani. Bungwe la COSOMA ku Lilongwe ndi limene limaona za umwini wa ntchito zaluso, ndipo ndi bwino kukafunsa kumeneko buku loyamba lisanapite ku makina.

Wanu,
Wojambula zikwangwani,
Kasungu