Jakisoni wambiri si ndiye kuchira

A Mkonzi,

Mundilole ndiyankhulepo za chibayo. M'mwezi wa Juni, kuzizira kutafika penipeni kuno ku Angónia m'dziko la Mozambique, amayi anga anagonekedwa pachipatala china akupuma mobanika, m'nthiti mukubaya. Anayamba kuwabaya jakisoni wa ceftriaxone, mmodzi mwa maantibayotiki, mankhwala opha mabakiteriya. Pofika tsiku lachitatu thupi linazizira, anayamba kumwa phala okha, adokotala n'kunena kuti jakisoni basi, amwe mapiritsi mpaka masiku akwane asanu.

Ine zinandinyansa. Ndinkaona ngati akuwathamangitsa kuti pabedipo pagone wina. Achimwene mpaka anafuna kukagula makapisozi a amoxicillin aja amayalidwa padzuwa pamsika, pambali pa tomato.

Namwino wina wachikulire ndiye anandikhazika pansi. Anati chibayo china chimayamba ndi mavairasi, omwe maantibayotiki sawakhudza n'komwe, pomwe china chimakhala TB yofunika kuyeza makhololo. Kumwa mankhwalawa masiku ochuluka popanda chifukwa kumatsegula m'mimba, komanso tizilombo timazolowera n'kusiya kumva mankhwala. Ndinadzamva pambuyo pake kuti mu 2019 mokha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse anafa ndi tizilombo tosamva mankhwalati.

Amayi anachira, pano ali kudimba kwawo ku Domwe akuthirira kachewere.

Pempho langa kwa azaumoyo a m'chigawo cha Tete ndi ili: wodwala chibayo muzimuunikanso pakatha masiku awiri kapena atatu, ndipo mukasintha mankhwala muzitiuza chifukwa chake ife odikirira odwala, m'Chichewa chomveka, osati m'Chipwitikizi chokha.

Ine wanu,
Mlimi wa kachewere, Ulongué